Penicillin akugwirabe ntchito, amene akugonja ndi olowa m'malo mwake

Streptococcus wa gulu A, bakiteriya amene amayambitsa zilonda zapakhosi, matenda a khungu ngakhalenso kuola kwa minofu, mpaka lero amafa ndi penicillin. Vuto m'mawodi lili pa mankhwala amene timathawirako: erythromycin, azithromycin ndi clindamycin. Mu 2019 bungwe la CDC, loona za matenda ku America, linaika pamndandanda wa tizilombo todetsa nkhawa Streptococcus A wosamva erythromycin ndi Streptococcus B wosamva clindamycin.

Odwala ambiri amafika pa mankhwalawa chifukwa cha mawu awiri olembedwa pafayilo: "penicillin amamuwenga". Pa anthu 100 alionse, pafupifupi 10 amanena choncho, koma owengedwadi sakwana ndi mmodzi yemwe. Funsani bwino: chinachitika n'chiyani, liti, patapita nthawi yotani atamwa? Kutupa milomo ndi kubanika ndi nkhani yaikulu. Nseru kapena kutsegula m'mimba si kuwengedwa ayi.

Zimaonekera bwino m'chipinda chochilira. Mayi amene ali ndi Streptococcus B, bakiteriya amene angapatsire mwana pobadwa, amapatsidwa penicillin G mumtsempha, mayunitsi 5 miliyoni poyamba, kenako 2.5 mpaka 3 miliyoni maola 4 alionse kufikira atabereka. Ngati kuwengedwa kwake n'kwapang'ono, cefazolin 2 g, kenako 1 g maola 8 alionse, amakwanira. Clindamycin 900 mg ndi wa pokhapokha labotale yatsimikiza kuti kachilomboko kakumumva.

Apa m'pamene ambiri amapusitsika. Kachilombo kokhala ndi jini ya erm kakhoza kuoneka ngati kakufa ndi clindamycin, koma mankhwala atayamba kamatembenuka n'kusiya kuwamva. Ndiye pamafunika D-test, kuyeza kwa mu labotale koonetsa kusamva kobisikaku. Pa mbale yomeretsera tizilombo ya Mueller-Hinton yosakaniza ndi magazi a nkhosa 5%, pakani kachilomboko, ikani kadisiki ka erythromycin 15 µg ndi ka clindamycin 2 µg motalikirana mamilimita 12, musiye pa 35°C mu mpweya wokhala ndi CO2 5% kwa maola 20 mpaka 24. Bwalo lopanda tizilombo lozungulira clindamycin likaphwatalala mbali yoyang'ana erythromycin, n'kuoneka ngati chilembo D, lembani kuti sakumva. Mukatalikitsa timadisikito, D saoneka, ndipo lipoti limanama.

Streptococcus pneumoniae, amene amayambitsa chibayo, ali ndi khalidwe lake. Amasintha mapuloteni amene penicillin amagwirapo, sapanga beta-lactamase (puloteni yophwanya penicillin), choncho kuwonjezera clavulanic acid, amene amatsekereza puloteniyo, n'kungotaya mankhwala. Pachibayo, chimene chimathandiza ndi kukweza mlingo wa amoxicillin.