Zikomo kwa onse amene munagwirapo njinga ya bambo

Njinga yamoto ya malemu bambo anga yayambanso kuyenda, ndipo mapepala ake onse atuluka, inshuwalansi ndi za ku Road Traffic zomwe. Amene mwaiona pa zithunzi mukungoyamikira ine, pamene ine ntchito yanga yaikulu inali kuwunikira tochi ndi kupatsira masipanala. Ndiye ndati ndithokoze eni ake ntchitoyi pagulu. Mayina sinditchula, ena mwa iwo sakonda kutchulidwa pa Facebook, koma akawerenga adzizindikira okha.

Njingayi ndi Honda CG125 ya m'zaka za m'ma 1980. Bambo ankayendera pa ntchito yawo ya ulangizi wa zaulimi m'midzi ya ku Zomba. Atatisiya inakankhidwira m'kachipinda kosungiramo makasu, matayala n'kuphwa, thanki n'kuchita dzimbiri m'kati, mbewa n'kumanga chisa m'bokosi la sefa ya mpweya. Lero ndi cafe racer: mahandulo otsika, chishalo cha munthu mmodzi chokhala ndi kalinunda kumbuyo, zopondapo zobwerera m'mbuyo, ndipo chilichonse chopanda ntchito chinachoka.

Kakonzedwe aka kanayambira ku Britain m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960. Anyamata ankasonkhana pa malo omwera tiyi a m'mbali mwa misewu, otchuka kwambiri ndi Ace Cafe ya pa North Circular Road ku London, yomwe inatsegulidwa mu 1938. Ankapepukitsa njinga zawo ndi kugonera pa thanki kuti afike mamailosi 100 pa ola, omwe ndi makilomita pafupifupi 160. Ena ankatenga injini ya Triumph n'kuiika mu felemu ya Norton, n'kutuluka njinga yotchedwa Triton. Yathuyi ndi ya 124cc, ikangofika makilomita 90 pa ola pa msewu wa Zomba injini imayamba kudandaula. Zothamanga tinazisiyira a ku London, ife tinangotengako maonekedwe.

Ndiyambe ndi amalume. Inu ndi amene munakana poyamba, munati njinga ya mlamu wanu siidulidwa inu muli moyo. Tinakambirana nthawi yaitali, ndipo pomaliza munalola, koma mutapereka lamulo lakuti chilichonse chochotsedwa chisatayidwe kapena kugulitsidwa. Chishalo chakale, keliyala imene bambo ankamangapo matumba a mbewu, ngakhale kachitsulo kamene tinadula kumbuyo kwa felemu, zonse zili m'katoni kwanu. Lamulo lanu linatiletsa kudula mwachisawawa. Zikomo amalume.

Kwa madala aja a galaja ya ku Ndirande ndikusowa poyambira. Tsiku limene tinatsegula injini, mu sefa ya oilo munatuluka zinthu zakuda bii, zolimba ngati nsima yogona. Ine ndinataya mtima. Iwo anangoseka, nati injini iyi anaipangira anthu osasintha oilo. Ndipo n'zoona. Honda isanatulutse CG125 mu 1975, inatumiza anthu ake m'maiko osauka kukaona chimene chinkapha njinga zake. Anapeza kuti eni ake sasintha oilo pa nthawi yake, sefa za mpweya zimatsekeka ndi fumbi, ndipo camshaft ya pamwamba pa injini, kachitsulo kozungulira kamene kamatsegula mavalavu, imadyeka. Ndiye pa CG anaitsitsira pansi, mavalavu n'kumakankhidwa ndi timitengo tachitsulo, nayikanso sefa ya siponji yochapika. N'chifukwa chake ku Pakistan akuipangabe mpaka lero, ndipo njinga zambiri za kabaza zimene mukuziona m'tauni muno injini zake anakopera pomwepo.

Madalawa anasintha maringi ndi magasiketi, napera mavalavu pamanja. Thanki anathiramo vinega ndi timaboti takale, n'kundipatsa ine kuti ndizikhutchumula mpaka mikono inalema, madzi ofiira akutuluka. Injini italira koyamba, anatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga anagunditsa pa injini, chogwirira n'kuika kukhutu, maso atatsinzina. Kenaka anazimitsa, namasula kanati kamodzi pang'ono chabe, ndipo kaphokoso kotetheka kaja kanatha.

Chimene ndikuwathokozera kwambiri ndi chimene anakana. Ma cafe racer a pa intaneti ambiri amachotsa bokosi la sefa n'kuika kasefa kakang'ono koonekera kukamwa kwa kabuleta. N'zokongola, sindikana. Madala anati zimenezo n'za kumene kulibe fumbi, kuno mwezi wa October umodzi wokha ungathe maringi onse atsopano aja. Bokosi linatsala, tinangolipaka penti yakuda kuti lisaonekere. Madigadi akutsogolo nawonso anatsala, ofupikitsidwa, chifukwa nthawi ya dzinja popanda amenewo matope onse amathera kumaso. Amene mukufuna kukonza yanu, mverani makaniko amene amadziwa misewu yathu kuposa zithunzi za pa foni.

Mayi a shopu ya masipeya ku Limbe, munkandilola kutenga chitsulo kukayesa kaye, chikakana n'kubweza popanda mkangano. Si chilichonse cha njinga za kabaza chimalowa pa Honda yeniyeni ngakhale zimaoneka zofanana, ndipo mukanakhala ouma mtima ndikanaluza ndalama zambiri. Mulungu akudalitseni.

Achimwene owotcherera zitsulo, ntchito yanu inagwa nthawi imene magetsi ankangozimazima. Munkadikira, akayaka usiku inu n'kudzuka. Kumbuyo kwa felemu munapinda paipi n'kuilumikiza mosaonetsa msoko, mutalowetsa kachitsulo m'kati mwa mfundo iliyonse kuti isadzathyoke pa mahampu. Zimenezi sindinakupempheni, ndinangozidziwa nditaona zotsalira pansi. Chishalo anasoka ndi mnyamata amene amakuta mipando ya maminibasi. Anali asanasokepo chotere, anangoona chithunzi, nadula siponji ndi mpeni wa buledi. Aliyense woona njingayi amayamba wasisita chishalocho. Nayenso mphwanga wa zamagetsi uja, amene anachotsa mawaya onse akale a 6 volt n'kuika a 12 volt kuti nyali iziwala zenizeni, zikomo. Bambo ankayenda usiku ndi kuwala kofiirira, sindidziwa ankaona bwanji njira.

Pakati pa zonsezi ntchito inandithera. Posakhalitsa, mu November 2023, kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo mahandulo, mashoko ndi nyali zimene ndinkayembekeza kuitanitsa kunja zinakwera moti sindikanazikwanitsa. Njinga inaima ili zidutswazidutswa. Anzanga ena, mwa chikondi ndithu, anati ndigulitse injini kwa a kabaza ndipezeko ya lendi. Akulu anga a ku Johannesburg, munamva nkhaniyi kwa amayi, simunandifunse n'komwe. Ndinangolandira foni kuti ndikatenge katoni ku basi. Ndikudziwa mmene mumavutikira kumeneko, ndipo ndikudziwanso kuti alamu anavomereza. Nonse awiri zikomo.

Mayi a kunyumba, inu ndiye munasenza zambiri. Thanki yopakidwa kumene inagona pa tebulo lodyera kuopa fumbi, nyumba yonse ikununkha penti, ana tikuwadyetsera pamkeka. Pamene ndinali pa ulova, geni yanu ya mandasi ndi imene inatidyetsa, ndipo tsiku limene ine ndemwe ndinati basi tigulitse, munandifunsa kuti ndikawauza chiyani amalume. Nkhani inathera pomwepo.

Ndisanamize munthu, cafe racer si njinga yomasuka. Ukayenda kuchoka ku Blantyre kukafika ku Zomba msana ndi mikono zimamva, maenje umawamva onse, ndipo palibe pokweza mnzako. Amayi ataona chithunzi anafunsa kuti njinga yanji yopanda pomanga thumba la chimanga. Sindinawayankhe, chifukwa kumbali yawo akunena zoona. Koma ataimva kulira pa foni anati ndi mawu omwe aja, ankawamvera patali bambo akamatsika kumsewu madzulo, iwo n'kuteleka madzi.

Zatsala n'zochepa: sipidomita ikunama pang'ono, ndipo wowotcherera ndikadali naye ndi ngongole, imene ndimaliza mwezi ukatha, ndalemba pano kuti nonse mukhale mboni. Loweruka ndikupita nayo kumudzi kuti amayi akaione ndi maso. Amalume atumiza kale uthenga kuti ndibwere ndi helemeti yowakwana, akufuna akayambe ndi iwo kuzungulira nayo pa bwalo la mpira.