Timadontho tofiira m'buku la msungichuma

Lolemba m'mawa bwana anandipatsira kalata yolemba pamanja yochokera kwa wapampando wa bungwe lina lothandizana pa maliro ku Mabvuku, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe. Pempho linali limodzi: tiwapangire app yoti mamembala azilipirira chopereka cha pamwezi, chifukwa ndalama sizikulondolozeka. Ntchitoyi inagwera ine poti pakampani pathu wolankhula Chichewa ndine ndekha. Agogo anga anachoka ku Dedza nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, m'zaka za m'ma 1950, kudzafuna ntchito ku Salisbury (Harare wa lero), ndipo akuluakulu ambiri a bungweli, kapena makolo awo, anadzera njira yomweyo.

Udindo wanga amautcha business analyst. Abale akandifunsa ndimangoti ndine mkhalapakati wa eni vuto ndi olemba mapulogalamu. Tsiku lomwelo ndinawerenga malamulo a bungwe amene anabwera ndi kalatayo, nkuyamba kulemba zofunika. Lamulo lina linkati wodumpha miyezi itatu osapereka wadzichotsa yekha, ndipo ndinalikopera momwemo: pulogalamu izimutsekera munthu wotere. Mnzanga wolemba mapulogalamu nayenso anali atajambula kale tsamba lolowera, lofunsa imelo ndi nambala ya chitupa. Ndinamupempha aupeze mtima kaye mpaka ndikaone ndi maso.

Lachiwiri ndinakwera kombi kupita ku Mabvuku. Msungichuma ndi mayi wachikulire, ndipo tisanakambe za ntchito anandifunsa mfunda. Nditayankha kuti ndine Nabanda anawomba m'manja, nati malemu amuna awo anali a Banda, choncho ndine mlamu wawo. Atatero m'pamene analowa kuchipinda kukatenga buku.

Ndi buku la hadikava, lokutidwa ndi pepala la pulasitiki. Tsamba lililonse lili ndi mizere ya dola ya ku America, ya ZiG (ndalama ya Zimbabwe), ndi ya zobwera pafoni kudzera pa EcoCash. Pamwamba amalemba mtengo wosinthira umene komiti yagwirizana mwezi umenewo. ZiG inayamba mu Epulo 2024, koma amayiwa aona ndalama zambiri zikubwera nkupita, ndipo za 2008, pamene zosunga za anthu zinasanduka mapepala, amazikamba ngati zadzulo. Nchifukwa chake mamembala ambiri amabwera okha ndi madola m'manja, nkuima pompo mpaka aone dzina lawo likulembedwa.

Chisokonezo chili pa zobwera pafoni. Meseji imafika ndi dzina la mwini nambala, amene kawirikawiri ndi mdzukulu kapena mpongozi, osati membala. Ana okhala ku Johannesburg amatumiza kwa mbale, mbaleyo nkupereka tsiku limene wapeza mpata. Ndiye a Phiri m'bukumo ndi ochuluka kwambiri, moti amayiwa amawasiyanitsa ndi mayina a kutchalitchi kapena a ana oyamba. Kulipira sikunali kovuta. Chovuta chimabuka tsiku la maliro, abale akamati tinapereka, buku likusonyeza zina, mtembo uli kumotchale.

Ndikutsegula masamba ndinaona timadontho ta bolopeni yofiira pambali pa mayina ena. Ndinafunsa.

"Amenewo, alamu, ndi amene anabwera kudzapepesa," anatero. "Munthu akadwala kapena ntchito ikatha, amabwera kudzatiuza. Ndikaika kadontho, komiti ikudziwa. Zikachitika, bokosi timagula ndithu."

Nanga timadontho tiwiri? Amenewo ndi opereka ndi manja: ophika pasiwa, otunga madzi pamjigo usiku wonse anthu akugona pamaliro. M'malamulo amene ndinawerenga Lolemba munalibe chilichonse cha zimenezi. Ndinakhala chete kanthawi, chifukwa ndinazindikira kuti chiganizo chimene ndinalemba dzulo lake chikanachotsa m'bungwe amasiye ndi odwala amene bungwelo linapangidwira. Ndipo chikanawachotsa mwakachetechete, popanda munthu woti akamudandaulire.

Lachitatu lonse linathera pa mkangano mu ofesi. Mnzanga uja anati lamulo losalembedwa iye sangaliuze kompyuta. Sanalakwe, ndipo kulilemba ndiyo ntchito yanga. Ndinafufuta za Lolemba nkulemba user story yatsopano, ndiye kuti chiganizo chofotokoza chimene wogwiritsa ntchito pulogalamu akufuna: monga msungichuma, ndikufuna kuika chizindikiro pa membala amene wapepesa, kuti tsiku la maliro komiti isakangane ndi anamfedwa. Tinaonjezera kuti pulogalamu isachotse munthu payokha, ingokumbutsa komiti kuti pali woti akamuyendere.

Pa chitupa m'pamene tinakokana kwambiri. Kwa iye nambala ya chitupa ndiyo njira yapafupi yosiyanitsira a Phiri onse aja. Koma ine ndinakulira pakati pa anthu amene zitupa zawo zinkawatchula kuti ndi obwera ngakhale anabadwira konkuno. Malamulo a dziko a 2013 anazindikira kuti obadwira m'Zimbabwe kwa makolo ochokera m'mayiko a SADC ndi nzika, komabe alipo agogo amene mpaka lero mapepala awo sanalongosoke, ndipo ukawafunsa chitupa nkhope imasintha. Ndinamukumbutsanso kuti kuyambira 2021 kuli lamulo loteteza mbiri za anthu, Cyber and Data Protection Act, ndipo chilichonse chimene tatolera tiyenera kuchisamala. Tikatoleranji chimene sitikuchifuna? Tinagwirizana kuti aliyense adziwike ndi nambala yake ya m'buku, ndipo pansi pake tilembe manambala onse a foni amene amamulipirira.

Lachinayi ndinabwerera ndi mapepala okhaokha, chithunzi cha foni chojambula pamanja pa pepala lililonse. Magetsi kunalibe, tinakhala pakhonde: msungichuma, mlembi, ndi agogo ena aamuna okhala ndi kafoni ka mabatani, kamene kuno amati kambudzi. Ndinkawapatsa ntchito, monga kulemba chopereka cha mayi amene walipiriridwa ndi mdzukulu, ine nkumangosintha mapepala osawathandiza. Kukhala chete pamenepa nkovuta, pakamwa pamayabwa, koma ukangolankhula waononga zonse.

Batani lomaliza ndinalembapo kuti "Tumizani". Amayi msungichuma aja anabweza chala. Kwa iwo kutumiza pafoni ndiye kuti ndalama ikuchoka. Ndinafunsa kuti iwo amati chiyani akamachita zimenezi, anati amalemba m'buku. Ndinafufuta pompo nkulemba "Lembani m'buku", ndipo ulendo wachiwiri sanazengereze.

Agogo aja ndiwo anandiphunzitsa za risiti. Ndinali nditakonza kuti meseji yopita kwa membala izisonyeza zimene wapereka ndi zotsalira. Anapukusa mutu. Foni yawo amawawerengera ndi adzukulu, nthawi zina mpongozi. "Mwana wanga, ngongole ya bokosi langa aidziwe ana pa meseji?" Za ngongole tinazichotsa. Meseji izingotsimikiza kuti chopereka chafika, zotsalira azikamba pakamwa monga akhala akuchitira.

Anapemphanso kuti ikhale m'Chichewa, chimene iwo anaphunzira kuwerenga kutchalitchi, pamene adzukulu amawerenga Chishona ndi Chingerezi. Chichewa chili m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka m'malamulo a 2013, koma sindinaonepo meseji ya kampani iliyonse ikubwera m'chilankhulo chathu. Apa panatulukanso kanthu kaukadaulo: meseji imodzi imalola zilembo 160, koma mukaikamo chilembo ngati ŵ malire amatsika kufika pa 70, ndipo meseji imagawika, mtengo nkukwera. Tinalemba mawu mosamala kuti akwane m'modzi.

Lachisanu wapampando anabwera ku ofesi atavala jekete. Ndinawauza mosabisa kuti app ya mamembala sitikuilangiza. Ambiri alibe foni zoti ingalowemo, ndipo ogula bandulo amagula ya WhatsApp yokha. Chimene tingapange ndi kachida ka msungichuma ndi mlembi, kogwira ntchito ngakhale popanda intaneti, kotumiza risiti pa meseji. Anakhumudwa, zinkaoneka. Mwana wawo wa ku Joni anali atawauza kuti bungwe lamakono limakhala ndi app. Bwana nawonso sanasangalale kwenikweni, poti ntchito yachepa ndipo malipiro achepa nayo.

Ndinayala mapepala a dzulo patebulo, ndi zofufutafufuta zake. Atafika pa chizindikiro cha wopepesa, wapampando anayang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati chidzaoneke kwa aliyense. Ndinati ayi, komiti yokha. Anagwedeza mutu nkusaina.

Madzulo amayi aja anaimba foni ndi mapempho awiri. Kadontho kakhale kofiira ndithu, osati mtundu wina. Ndipo buku silichoka pakhomo pawo, ngati tikufuna kukopera mayina tipite komweko. Zonse ziwiri ndazilemba pa zofunika, ndipo Lolemba ndikunyamula laputopu kupita ku Mabvuku, pamodzi ndi mnzanga wolemba mapulogalamu uja, amene wapempha yekha kuti akaone bukulo.