Seva ya m'sitolo ya feteleza imene inasintha kashopu kathu

Kashopu kathu ka ku Ulongué tinakayamba awiri, ine ndi mng'ono wanga, tili ndi makina amodzi a fotokope, tebulo lobwereka ndi kabokosi ka zida. Tinkakonza mafoni, kupukuta fumbi m'makompyuta a aphunzitsi ndi kusindikiza makadi a ukwati. Zipangizo tinkakagula ku Tete, zina ku Dedza podzera pa Calómuè. Ndalama inkapezeka ya ndiwo basi.

Tsiku lina mu Okutobala kunabwera mayi wina wachikulire, mwini sitolo ya feteleza ndi mbewu. Sanafune n'kukhala pansi komwe.

"Mwana wanga, makina aja akulira ngati chigayo. Akafa amenewo, ndafa ndine."

"Tiyeni tikaone, mayi," ndinatero.

Seva, kompyuta imene makompyuta ena onse a m'sitolomo amadalira, inali pansi pa tebulo m'kachipinda ka kumbuyo, pafupi ndi matumba a urea, itachita kufiira ndi fumbi. Pa ma hard disk ake awiri, imodzi inali ikuyaka nyali yochenjeza. M'kati munali Windows Server 2008 R2, imene Microsoft inasiya kuithandiza mu Januwale 2020, komanso pulogalamu yolembera mafatura ndi kuwerengera katundu. Munthu amene anaika pulogalamuyo anasamuka kalekale, CD yake inasowa. Koma m'menemo ndi m'mene munali mayina a alimi onse a chimanga ndi mbatatesi amene anatenga feteleza pangongole, a ku Dómuè, a ku Tsangano, aliyense ndi mametikali ake. Mvula inali pafupi, pakhomo pali mzere.

Kugula kompyuta yatsopano n'kuikamo zonse mwatsopano sikukanatheka popanda CD ija. Njira inali imodzi: kunyamula seva yonse momwe ilili, Windows, pulogalamu ndi ngongole zomwe, n'kuisandutsa fayilo imodzi yaikulu yoti izikagwira ntchito m'kati mwa kompyuta ina. Imeneyi ndiyo virtual machine. Mayi aja ndinawafotokozera kuti tikusamutsa banja lonse m'nyumba yong'aluka, koma mphika uliwonse ukakhala pamalo pake. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Bola kope langa lisasowe."

Tinadikira Loweruka madzulo atatseka. Choyamba ndinaimitsa database, nkhokwe imene pulogalamu ija imasungiramo zolembedwa zake, chifukwa kukopera anthu akulembamo n'kudziputira mavuto. Kenako ndinatsegula Disk2vhd, kapulogalamu kaulere ka Sysinternals, kuti kakopere disk yonse n'kupanga fayilo ya VHDX pa hard disk yonyamula m'manja. Usiku wonse tinagona pa matumba opanda kanthu, jenereta ili pambali kuopa kuti magetsi angathime, khutu lili ku disk yodwala ija. Nthawi iliyonse ikachita phokoso, mtima unkangoti phaa.

Lamlungu m'mawa tinalowetsa fayiloyo m'kompyuta yatsopano imene tinaikamo Proxmox, pulogalamu yoyendetsera ma virtual machine. Nditayatsa, chizindikiro cha Windows chinaoneka pang'ono, kenako sikirini yonse inangoti buluu, pansi pake 0x0000007B. Mng'ono wanga anagwira pakamwa. Nambala imeneyi imatanthauza kuti Windows sikuipeza disk yoyambira. Inazolowera khadi la RAID loyendetsa ma disk a m'seva yakale, ndipo ine ndinali nditailumikiza disk kudzera m'njira yotchedwa VirtIO SCSI, imene Windows yakaleyo ilibe driver yake, kapulogalamu koithandiza kuzindikira chipangizo. Ndinaisintha kukhala IDE, njira yakale imene Windows imaidziwa kale. Inayaka. Ma driver a VirtIO tinadzawaika pambuyo, mtima uli m'malo.

Pulogalamu ya mafatura ndiyo inakana kutseguka, ikuti ilibe chilolezo. Tinasakasaka mpaka masana. Pamapeto ndinagwada kumbuyo kwa seva yakale ndi tochi ya foni, n'kuona kakiyi ka USB kotalika ngati chala chaching'ono, kokutidwa ndi ukonde wa kangaude. Chilolezo chonse chinali m'menemo. Tinakazula, kukalowetsa m'makina atsopano, n'kuuza Proxmox kuti ikapereke kwa virtual machine ija. Dzina la sitolo linatulukira, ndipo mayi aja anandiuza kuti ndifufuze mlimi wina wa ku Dómuè. Ngongole yake inagwirizana ndi ya m'kope lawo la pamanja.

Lolemba ndinalakwitsa ndine. Ndinayatsanso seva yakale kuti ndione kanthu, osachotsa waya wa netiweki, ndipo makina awiri okhala ndi adiresi ya IP imodzi anasokoneza makompyuta a pakauntala kwa theka la ola, alimi ali chilili. Ndinapepesa kwa mayi ndi kwa ogulitsa awo. Kuyambira pamenepo waya wa seva yakale ndimauchotsa ndi dzanja langa ndisanachite china chilichonse.

Mbiri inayenda yokha. Anatiitana a pasukulu ina, kenako a kampani ya magalimoto ku Moatize, kumene kutentha ndi fumbi la malasha zimatha makina msanga kuposa kuno kumtunda. Lero ntchito imeneyi ndiyo imalipira lendi, ndipo talemba mtsikana wosamala fotokope. Anthu ena amafuna kuti tikangomaliza tigulitse seva yakale. Ine ndimakana mpaka mwezi uthe, malipoti a msonkho wa IVA atuluke bwino m'makina atsopano. Windows yakale ija sinakhale yatsopano chifukwa yasamuka, n'chifukwa chake ya mayi aja tinaitsekera kuti isafike pa intaneti.

Loweruka loyamba la mwezi ndimapitabe kusitolo ija. Ndimatenga backup ya usiku wapitawo, fayilo ya zonse zimene zinakoperedwa n'kusungidwa padera, kuiyatsa pa laputopu yanga, n'kufufuza dzina la mlimi wa ku Dómuè uja. Ngongole yake anamaliza atakolola mbatatesi.