Linki Yomwe Inakana Kutseguka pa Foni ya Mlongo Wanga

Sabata yatha mlongo wanga anandiimbira foni ali kumudzi, akudandaula kuti wadina kangapo konse linki ya fomu yofunsira ntchito koma palibe chikuchitika. Pa kompyuta yanga, mu browser (pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti) ya Chrome, linki yomweyo inatseguka mosavuta, choncho poyamba ndinaganiza kuti vuto ndi netiweki.

Nditayang'ana mmene tsambalo linalembedwera, ndinapeza kuti mawu odinawo sanali linki yeniyeni ya HTML (chinenero cholembera masamba a pa intaneti) yokhala ndi href, mbali imene imasunga adiresi ya komwe linkiyo ikupita. Wokonza tsambalo anangowapaka mtundu wabuluu n'kuwamangirira ku JavaScript, chinenero cholembera timapulogalamu togwira ntchito mkati mwa tsamba. Mlongo wangayo amagwiritsa ntchito Opera Mini pofuna kusunga bandulo, ndipo browser imeneyi imayamba yakonzera tsamba pa makompyuta a kampani yake, n'kupatsa JavaScript kanthawi kochepa kwambiri, kenako n'kutumiza ku foni tsamba lopanikizidwa kale. Zimene sizinathe m'kanthawi kameneko nthawi zambiri zimafera komweko.

Chimandipweteka n'chakuti njira yoyenera ndi yakale komanso yosavuta. Bungwe la W3C, lomwe Tim Berners-Lee anayambitsa mu 1994, linafalitsa malamulo a HTML kwaulere kwa zaka zambiri. Linki yolembedwa motsatira malamulowo imatseguka pa browser iliyonse, ndipo munthu wosaona amene amadalira pulogalamu yomuwerengera tsamba amauzidwa kuti apa pali linki, pomwe yabodzayi amangoidutsa osadziwa.

Madzulo ake ndinafufuza adiresi yeniyeni ya fomuyo n'kumutumizira pa WhatsApp, ndipo anaidzaza kutatsala tsiku limodzi kuti atseke.