Mandimu aphuka m'mabotolo, manachesi akukanabe

Mabotolo onse ali pa shelefu imodzi, pansi pa nyali imodzi, ndipo chakudya chake ndinachiphikira mu poto mmodzi. Koma mukawaona lero mungaganize kuti ena ndimawakondera. Tizidutswa ta mbande za mandimu tatulutsa mphukira zobiriwira, zina zayamba kale kutambasula timasamba. Ta malalanje tikutsatira, ngakhale mwaulesi. Ta manachesi, amene njere zake ndinachotsa m'zipatso za ku Mwanza, tangotupa kumapeto n'kukhala chete, ndipo tina tayamba kuda.

Kwa amene mwangoyamba kumene kutsatira zimenezi, ndimachita chonchi. Njere ndimazisenda makoko onse awiri, kuziviika mu Jik wosungunula ndi madzi, kenako kuzitsukuluza ndi madzi owiritsa. Zimamera mu mdima, m'botolo lotseka, mpaka kathunthu katalike kali kotuwa. Kathunthu kameneka, ka pakati pa njere ndi masamba oyamba, ndimakadula tizidutswa ta sentimita imodzi n'kutigoneka pa chakudya. Chakudyacho ndi mchere wodyetsa zomera wotchedwa MS, umene Toshio Murashige ndi Folke Skoog anaukonza mu 1962, shuga magalamu 30 pa lita, agar (wolimbitsa chakudyacho) magalamu 8, pH (muyeso wa asidi) ya 5.7, ndi BAP (mankhwala olimbikitsa mphukira) miligalamu imodzi pa lita. Chakudya chonsechi chimayamba chalowa mu poto wa pulesha kwa mphindi 20, kutentha kufike madigiri 121. Pali chakudya china chimene Murashige yemweyo anakonza ndi Tucker mu 1969 poganizira mitengo ya banja la malalanje. Chimenecho chimafuna shuga magalamu 50 ndi mavitamini ochulukirapo, ndipo ndicho ndikufuna kuyesa ulendo wotsatira.

Wina anandiuza kuti ndingowonjezera BAP pa manachesiwo. Maganizo ake ali ndi pochokera. Skoog ndi Carlos Miller anaonetsa mu 1957, pogwiritsa ntchito fodya, kuti pa mahomoni awiri a zomera, cytokinin akachuluka kuposa auxin maselo amapanga mphukira, ndipo auxin akachuluka amapanga mizu. BAP ndi cytokinin, ndiye zikuoneka ngati yankho n'losavuta. Koma ndinayesa botolo la BAP wochulukirapo, ndipo mandimu anatulutsa timphukira tothithikana tosatalika, pamene manachesi sanasinthe n'komwe. Mankhwalawa amangogogoda pakhomo. Kutsegula kapena kusatsegula ndi nkhani ya mwini nyumba, ndipo mwini nyumbayo ndi majini, amene ndi malangizo a chibadwa cha mtengowo.

Chimene chikundipatsa mphamvu yonena choncho ndi mmene njere za mitengo imeneyi zilili. Mukasenda njere ya ndimu kapena ya lalanje mupeza timiluza tingapo topanikizana, osati kamodzi. Tambiri mwa timeneti sitinachokere ku mungu ayi. Timaphuka kuchokera ku maselo a mayi ozungulira dzira, ndipo chibadwa chake n'chofanana ndendende ndi cha mtengo umene unabereka chipatsocho. N'chifukwa chake anazale amakonda njere za mandimu okhakhala khungu pomezanitsa: mbande zambiri zimatuluka zofanana. Kwa ine zikutanthauza kuti tizidutswa tambiri ta m'botolo la mandimu ndi mtengo umodzi womwewo wobwerezedwa, chimodzimodzinso ta manachesi. Choncho ndikaona botolo lonse likukana, sindinganene kuti ndinagwera mbande imodzi yofooka. Ndi mtundu wonsewo umene ukukana.

Khalidwe limeneli la timiluza tambiri lili ndi jini yake yodziwika. Mu 2017 akatswiri a ku Huazhong Agricultural University, mumzinda wa Wuhan ku China, anafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti jini yotchedwa CitRWP ndiyo ikukhudzidwa. M'mitundu yobereka timiluza tambiri muli kachidutswa ka DNA kamene kanalowerera kutsogolo kwa jiniyo, ndipo kamachititsa kuti izigwira ntchito mwamphamvu m'maselo a njere. Mitundu ina ya banja la malalanje ngati pummelo, citron ndi clementine imakhala ndi mluza umodzi pa njere. Zimandisangalatsa kuti mtengo umachita wokha, mkati mwa chipatso, ntchito imene ine ndikuivutikira ndi mabotolo ndi spiriti: kutenga selo wamba n'kulisandutsa mtengo wathunthu.

Koma samalani, CitRWP si imene ikulamula za mphukira za m'mabotolo mwangamu. Manachesi anga ali ndi timiluza tambiri ndithu, komabe akukana kuphuka pa kathunthu kodulidwa. Imeneyo ndi njira ina. Pamene mpeni wadula, maselo a pakati pa khungwa ndi mtima wa thunthu ayenera kugawikana, kenako ena a iwo ayambe kukhala nsonga yatsopano. Pa chomera chaching'ono chotchedwa Arabidopsis, chimene asayansi amaphunzirirapo zambiri, zinadziwika kuti majini ngati WUSCHEL ndi SHOOT MERISTEMLESS ayenera kudzuka kuti nsonga ipangike, ndipo cytokinin amathandiza kudzutsa WUSCHEL. Mitengo ya malalanje ilinso ndi abale a majini amenewa. Kusiyana kwa mitundu kumaonekera poti wina amadzuka msanga, wina mpaka kalekale. M'malabu ambiri amakonda Carrizo citrange, mtengo wobadwa pokwatitsa lalanje la Washington navel ndi mtengo wina wachibale wotchedwa Poncirus trifoliata, chifukwa umaphuka mosavuta. Mitundu yambiri ya manachesi imadziwika kuti ndi youma mutu.

Umboni umene unandikhutiritsa kwambiri ndi wa mu 2020. Gulu la Jorge Dubcovsky ku University of California, Davis linalumikiza majini awiri a tirigu, GRF4 ndi GIF1, kukhala chinthu chimodzi, ndipo mitundu ya tirigu imene inkavuta kuphuka m'labu inayamba kuphuka bwino. Atayesa njira yomweyo pa mitengo ya banja la malalanje, mphukira zinachulukanso. Chimene anasintha si chakudya cha m'mbale, koma majini. Zoterezi sizingachitike m'chipinda changa chosungiramo katundu, ndipo sizofunika kuti zichitikiremo, chifukwa zimafuna labu yeniyeni ndi chilolezo cha boma. Ine zangondithandiza kuleka kulimbana ndi sikelo.

Zina ziwiri zimene ndaona pa shelefu. Mphukira zambiri zikutuluka kumapeto kumene kunali kumtunda kwa kathunthu, pamene kumunsi kukungopanga chotupa cha maselo chotuwa. Ngakhale kachidutswa kagonekedwe chopingasa, sikaiwala kumene kunali kumwamba. Chachiwiri, timitengo timene ndinadula ku nthambi za ndimu wamkulu wa kuseri kwa nyumba tachita zochepa kwambiri poyerekeza ndi ta mbande, chikhalirecho ndi mtundu umodzi. Tambiri tinagwidwa chuku, ndipo totsalato tangokhala. Majini ndi omwewo, koma mtengo ukakula ena amatsekeka. Limeneli ndi vuto lenileni kwa obereketsa mitundu yatsopano, chifukwa mtengo wochokera ku mbande umatenga zaka zambiri usanayambe kubereka, pamene wochokera ku nthambi yokhwima umabereka msanga.

Tsopano mphukira za mandimu zikufunika mizu. Zina ndizisamutsira ku chakudya chopanda BAP, chokhala ndi auxin wotchedwa NAA pang'ono. Zinazo ndizimezanitsa pa mbande zazing'ono za m'botolo, potengera njira imene Luis Navarro, Chester Roistacher ndi Murashige anaikonza mu 1975. Iwo ankadula kansonga kosakwana theka la milimita pofuna kupeza mitengo yopanda matenda a mavairasi, ndipo ntchitoyo imafuna maikulosikopu. Zanga ndi zazikulu, za sentimita imodzi, zoti lezala ndi galasi lokulitsira zinthu zikwanira. Manachesi ndiwayambiranso ndi njere zatsopano pa chakudya cha Murashige ndi Tucker, ndipo theka la mabotolo ndilisiya mu mdima kwa milungu itatu ndisanaliike pa nyali. Ngati pali amene ali ndi njere za Carrizo kapena mbale wake Troyer, tiyeni tisinthane ndi mbande za mandimu.