Kumwetsa nthaka madzi osefukira: zomwe ndatolapo pa nkhani ya ku California

Pa zonse zomwe tawerenga m'phunziro la kasamalidwe ka madzi, nkhani ya chigwa cha San Joaquin ku California, m'dziko la America, ndiyo ikufunika kuifatsira. Alimi kumeneko anapopa madzi a pansi mopyola muyeso mpaka nthaka kutitimira. Pafupi ndi tawuni ya Mendota inatsika ndi mamita pafupifupi 9 pakati pa 1925 ndi 1977. Komatu chigwa chomwecho chimasefukira, monga mu 2023 pomwe nyanja ya Tulare, yomwe inaphwa kalekale, inabwerera n'kumiza minda.

Mu 2011 Don Cameron wa pa famu ya Terranova anapatutsira dala madzi osefukira a mtsinje wa Kings m'munda wa mphesa. Madzi analowa pansi, mphesa osafa. Lamulo la 2014 lofuna kuti madzi opopedwa asapose omwe akubwerera pansi linakopa alimi ena kuyesa njirayi.

Kachitidwe kake n'kosavuta kumva. Munda amausalaza, kuuzinga ndi migula, madzi n'kumalowa pa ngalande yokhala ndi chotsekera. Madzi akuya masentimita 10 pa hekitala imodzi ndi malita 1 miliyoni, ndiye taganizani akalowa kakhumi. Zovuta zili pansi pomwe maso saona. Pa mchenga madzi amalowa msanga, koma akakumana ndi dongo lochindikala, monga la Corcoran m'chigwacho, safika komwe mijigo yakuya imatunga. Madzi oyamba amabwera ndi matope omwe amamata nthaka ngati pozira, choncho amayamba awadikhitsa padziwe, ndipo pakauma matopewo amawapala. Choopsa kwambiri ndi feteleza wotsalira m'nthaka, yemwe amatsika ndi madziwo n'kukaipitsa zitsime zakumwa. N'chifukwa chake chilolezo chopatutsira madzi osefukira m'minda, chomwe Bwanamkubwa wa California Gavin Newsom anapereka mu 2023, sichinalole kutero m'minda yomwe inali itathiridwa feteleza kapena mankhwala m'masiku 30 am'mbuyo mwake.

Ine ndikuona kuti kungoitengera njirayi ku Chikwawa ndi Nsanje kungatipweteke. Anzathuwo minda ya zipatso monga amondi amaimiza m'nyengo yozizira, mitengo itayoyola masamba. Kwathu Shire ndi Ruo amasefukira pakati pa Januwale ndi Malichi, chimanga chili chiimire m'munda, ndipo chimanga chikakhala m'madzi masiku ochepa chabe mizu imasowa mpweya n'kufa. Malo ambiri ndi a makande, omwe akanyowa amafufuma n'kutseka ming'alu yonse. Tisaiwalenso kuti mijigo yambiri m'chigwa cha Shire imatulutsa madzi amchere. Mukakweza madzi oterowo kufika pafupi ndi mizu, dzuwa limawaumitsa n'kusiya mchere pamwamba, munda wawonongeka. Za zimbudzi zokumba zomwe zimadzadza nthawi ya kusefukira sitichita kunena.

Chomwe chingatiyanje ndi mitsinje ya mchenga yomwe imaphwa m'chilimwe. Ku Kitui ku Kenya amamanga khoma la simenti mopingasa mtsinje, litakhazikika pa thanthwe kuti madzi asadutse kunsi. Mchenga umadzadza kuseri kwa khomalo n'kusunga madzi m'mipata yake, osauma ndi dzuwa, udzudzu osaswana. Anthu amatunga pa paipi yodutsa pakhoma kapena pachitsime cha m'mbali. Khomalo ndi bwino kulikweza pang'onopang'ono, nyengo ndi nyengo, kuti matope azipitirira pamwamba, mchenga wokhakhala uzitsala. Mukalimanga lalitali nthawi imodzi limadzadza matope, ndipo matope amasunga madzi koma sawatulutsa.