Zikomo kwa nonse amene munatigwira mkono pa kaphunzitsidwe katsopano ka za mahotela

Semesita yatha, mayeso tachonga, ndipo ife aphunzitsi a za mahotela ndi kulandira alendo tati tithokoze poyera.

Tiyambe ndi inu ophunzira athu, chifukwa katundu wolemera munasenza ndinu. Munavomera kuonera makanema musanabwere m'kalasi: kanema aliyense wa mphindi 6 mpaka 10, mutu umodzi basi, kenako mafunso 5 pa Moodle (tsamba lophunzirira pa intaneti) otsekeka usiku woti mawa ndi kalasi. Mafunsowo munkadandaula nawo, tikudziwa, koma akachotsedwa anthu saonera kanema, ndipo mphunzitsi amabwereranso kolankhula yekha ola lonse. M'kalasi munkayankha funso pa foni aliyense payekha. Olondola akakhala pakati pa 30 ndi 70 pa 100 alionse, munkakambirana mphindi zitatu ndi mnzanu wa yankho losiyana, n'kuyankhanso. Njirayi anaitchukitsa ndi Eric Mazur wa ku Harvard. Olondola akachepera 30, kukambirana kumangofalitsa cholakwa, choncho pamenepo tinkafotokozanso ndife.

Tikuthokozaninso chifukwa chosachita manyazi pa masewero a pa risepushoni. Atatuatatu: wolandira alendo, mlendo amene wapeza kuti chipinda chomwe anasungitsa chaperekedwa kwa wina, ndi woonerera wojambula pa foni. Mphindi 5, kenako kusinthana. Gulu likaposa anthu anayi, ena amabisala kumbuyo kwa anzawo. Ndipo woonerera akangosiyidwa, amati "zinali bwino" n'kukhala chete, n'chifukwa chake tinkafuna atchule zinthu ziwiri, ndi mphindi yake mu kanemamo: kodi kupepesa kunabwera asanayambe kufotokoza? Kodi anatchula dzina la mlendo?

Kwa akatswiri athu a makompyuta, ntchito yanu sinkaoneka koma tinkaimva ikasowa. Munapatsa wophunzira aliyense akaunti yake pa Opera yophunzirira (pulogalamu ya pakompyuta yoyendetsera hotela), kuti wolakwitsa adziwike ndi kuthandizidwa. Sabata iliyonse munkabwezeretsa zonse poyambira, pakuti ophunzira amaiwala kutulutsa alendo ongoyerekezawo, ndipo alendo oyenera kuchoka akatsalira mu sisitimu, night audit (kutseka mabuku a tsikulo usiku) siyenda, tsiku silisintha, gulu lotsatira limangoyang'ana kompyuta. Munachepetsanso makanema kufika pa 480p kuti munthu akopere kamodzi n'kumaonera popanda intaneti.

Mamanijala a mahotela amene munatipatsa ziwerengero zenizeni mutafufuta mayina a alendo, zikomo kwambiri. Ziwerengero za m'buku zimakhala zoyera mopitirira. Zanu zinali ndi osungitsa osabwera ndi zipinda zowonongeka, ndiye ophunzira anatuluka nazo thukuta pa Excel. Hotela ya zipinda 80 ikagulitsa 60, yadzaza 75 pa 100. Izi aliyense amapeza. Pogwera ambiri ndi apa: popeza ADR (mtengo wapakati wa chipinda chogulitsidwa pa tsiku) timagawa ndalama za zipinda ndi zipinda zogulitsidwa, 60 zija, pomwe popeza RevPAR (ndalama pa chipinda chilichonse chimene hotela ili nacho) timagawa ndi zonse 80. Wosokoneza ziwirizi amaona ngati hotela ikuchita bwino pamene zipinda 20 zagona zopanda munthu.

Osaiwala anzathu osamalira zipinda zophunziriramo, amene m'mawa uliwonse munkasuntha madesiki kuchoka m'mizere kuti akhale m'magulu, ndi kutipezera mawaya owonjezera otchajira mafoni. Ambuye akudalitseni.